Ernest Mtambalika ndi Mlandu Umene Sunamveke pa Wayilesi

Abusa, akuluakulu a mpingo, abale ndi alongo a ku Malawi ndi a ku Zambia, komanso inu nonse amene mwasonkhana kumudzi ku Dedza mukutimvera pa foni: amene agona m'bokosi ili ndi bambo Ernest Goodwell Mtambalika. Anabadwa m'chaka cha 1948 m'mudzi mwa Kanyemba, kufupi ndi Linthipe, m'boma la Dedza. Atisiya Lolemba la sabata yatha, atagwa kunyumba kwawo ku Bowie, kuno ku America, ali ndi zaka 77.

Ine ndine Andrew Sapulani, mlamu wawo. Akazi awo, mayi Marjorie, ndi achemwali anga. Banja lasankha ine poti mlamu ndiye amaloledwa kunena zimene ena amazengereza. Lamulungu lija tonse tinawaona akukonza mipando m'tchalitchi, akudandaula kuti mizere yakhota. Sanadandaule mutu, sanatsokomole n'komwe. Mawa lake tinangomva kuti kulibe. Tisanamvetse za imfayo, kunabweranso nkhani ina imene yatisiya tili kakasi tonse a m'banjali. Malemuwa ali ndi mlongo wawo mmodzi yekha, mayi Dyna, amene kwa zaka zoposa makumi anayi akhala akunena poyera kuti alibe mchimwene wotchedwa Ernest. Enanu munkadziwa zimenezi, enanu munkangonong'onezana. Chimene sitinkadziwa, ngakhale akazi awo amene, ndi zimene bambowa anasunga mumtima zaka zonsezi. Mayi Dyna atilamula okha kuti lero zinenedwe zonse, ndipo akumvetsera.

Bambo Ernest anali wachiwiri m'banja la ana atatu. Woyamba anali malemu Newton, wotsiriza ndi mayi Dyna. Bambo awo anamwalira mayi Dyna akadali kumsana, choncho mayi awo analera anawo ndi khasu, pa dimba la m'mbali mwa mtsinje wa Linthipe. Sukulu anayamba mochedwa, pa sukulu ya mishoni ya kufupi ndi kwawo. Aphunzitsi ankawayesa aulesi chifukwa sankakweza dzanja m'kalasi, koma pa mayeso ankadabwa nawo. Anali mwana womvetsera. Anzawo akamalimbirana kuyankhula, iwo ankangokhala pambali akusenda mtedza, koma mawa lake ankatha kubwereza zonse zimene aliyense ananena. Ku sekondale analekezera Fomu 2, chifukwa mphamvu za mayi awo zinathera pomwepo. Kumeneko ndi kumene anadziwana ndi a Cedric Kamwaza, mnzawo wa pamtima, amene pambuyo pake anakhala mphunzitsi. A Ernest omwewa ndi amene anapita ndi mnzawoyo kumudzi pa tchuthi n'kumutsina khutu kuti ayang'ane bwino mlongo wawo. Mayi Dyna ndi a Cedric atakwatirana mu 1972, akuti a Ernest anavina mpaka kung'amba buluku. Ine sindinawaonepo akuvina, ndiye izi ndangomva.

Mu 1968 analowa upolisi. Anaphunzira ku Zomba, n'kutumizidwa ku Limbe, ndipo patapita zaka zochepa anawaika m'gulu la ofufuza milandu, aja osavala yunifolomu. Ofufuza ena ankadalira mbama ndi nsapato. A Ernest ankadalira chimanga. Kukabedwa mbuzi kapena njinga, kapena munthu akapezeka atafa m'ngalande, iwo ankavula jekete, kumanga thumba la chimanga pa njinga, ulendo wa ku chigayo cha m'dera limenelo. Ankakhala pa mzere pakati pa amayi, n'kumalola aliyense wobwera m'mbuyo kuti adutse. Poyamba amayiwo ankawamvera chisoni kuti ndi bambo wothawidwa ndi mkazi, kenaka ankawaiwala n'kuyamba nkhani zawo: kwa uje akudya nyama tsiku ndi tsiku, mwana wa uje wabwera ndi wotchi yatsopano, mwamuna wa uje sakugona m'nyumba. Dzuwa likapendeka a Ernest ankabwerera ku ofesi ali mbuu ndi ufa mpaka m'nsidze, dzina la wakuba lili m'mutu. Ankati pa chigayo anthu amayankhula mokuwa chifukwa cha phokoso la injini, ndipo munthu amene akukuwa sayang'ana amene wakhala pambali pake.

Munthu mmodzi yekha ndi amene anawatulukira, ndipo wakhala apoyo. Achemwali anga anakumana nawo pa chigayo cha ku Bangwe. Atawaona kachiwiri anawafunsa pagulu kuti, "Bambo inu, thumbali si lomwe lija la Lachiwiri? Kodi chimangachi mumagayitsa kapena mumangochiyendetsa?" Mlandu umene ankafufuza tsiku limenelo unasokonekera, koma ukwati unapezeka. Anakwatirana mu 1974 ku Limbe. Ine ndinatsutsa kwambiri kuti achemwali anga akwatiwe ndi munthu wa ufa m'makutu, koma panalibe wondimvera. Mulungu anawadalitsa ndi ana atatu, ndipo m'nyumba mwawo simunasowepo ufa, poti pamapeto pake chimangacho chinkayenera kugayitsidwa ndithu.

Pa nthawi imeneyo ankakhala nyumba yogundizana ndi mphunzitsi wina wa ku Rumphi, malemu Chakufwa Nyirongo, amene ankalemba masewero a pa wayilesi. Madzulo awiriwa ankacheza pakhonde, a Ernest akusasa ufa m'malaya, a Chakufwa akufunsa timafunso. Mu 1975 wayilesi inayamba kuulutsa sewero la Sajeni Mphale, wapolisi wofufuza milandu ku chigayo. Inu obadwira kuno simungamvetse. Loweruka madzulo mudzi wonse unkaunjikana pa wayilesi imodzi, ndipo mabatire ankayanikidwa padzuwa kuyambira Lachisanu kuti asathe sewero lili pakati. Abale athu a ku Zambia angandichitire umboni kuti ngakhale ku Chipata ankalimvera. Sajeni Mphale anali ndi njinga, anali ndi thumba, ndipo akafunsidwa ndi bwana wake za mlandu ankayankha kuti, "Chimanga chikadali pa mzere." Amenewa anali mawu a alamu angawa enieni. Kusiyana kwake n'kwakuti Sajeni wa pa wayilesi anali wamtali, womenya anthu asanu yekha, pamene wathuyu anali wamfupi ndipo ankaopa agalu. Ku Limbe aliyense anadziwa kuti Sajeniyo ndi ndani. Ku Kanyemba anasiya n'kuwatchula kuti Ernest komwe, ndipo mayi awo ankayenda monyadira. Ntchito yokha ndi imene inavuta, chifukwa amayi a m'zigayo anayamba kukhala chete akangoona mwamuna wa thumba pa njinga.

Tsopano ndafika pa chaka chimene ndikanakonda kuchidumpha. Achikulire mukukumbukira masiku aja. Wayilesi inali imodzi, zimene yanena sizinkatsutsidwa, ndipo munthu ankatha kutengedwa chifukwa cha mawu amodzi onenedwa pa mowa. M'nyengo yozizira ya 1979, Loweruka lina, Sajeni Mphale anatulukira kuti amene ankaba mankhwala pa chipatala anali mwamuna wa mlongo wake, mphunzitsi. M'seweromo Sajeni analira, koma anapita kukamugwira mlamu wakeyo pa sukulu, ana akuona. Linali sewero chabe. A Chakufwa analipeka m'mutu mwawo miyezi ingapo m'mbuyomo. Mayi Dyna analimvera ali pakhonde ndi amuna awo, ndipo a Cedric anaseka n'kunena kuti, "Mayi, konzani nkhuku, alamu anga akubwera kudzandigwira." Sabata yomweyo galimoto inafika pa sukulu pamene a Cedric ankaphunzitsa. Amuna osadziwika anawatulutsa m'kalasi, ana akuona. Sanabwerenso. Patapita chaka, banja linangouzidwa kuti anafera m'ndende, ndipo thupi lawo palibe analiona. Anasiya mkazi ndi ana atatu ang'onoang'ono.

Anthu a ku Kanyemba sanafunse funso lililonse, chifukwa kwa iwo wayilesi inali itanena kale. Sajeni ndi Ernest, Sajeni wagwira mlamu wake mphunzitsi, mphunzitsi watengedwa. Panatsalanso chiyani chofunsa? A Ernest atamva za kutengedwako anakwera basi tsiku lomwelo. Mayi Dyna anawachingamira panjira, asanafike n'komwe pakhomo, anthu atadzaza. Anawauza kuti, "Bwererani ku wayilesi kwanu. Ine ndilibe mchimwene wotchedwa Ernest." Awa ndiwo mawu otsiriza amene malemuwa anamva kuchokera pakamwa pa mlongo wawo mpaka Lamulungu lija.

Zimene ife tinkadziwa ndi izi. A Ernest anayamba kufunafuna a Cedric. Analowa m'maofesi amene munthu wanzeru sankalowamo, anafunsa mafunso amene sankafunsidwa. Anawachenjeza, sanamve, ndipo kumayambiriro kwa 1980 anawachotsa ntchito. A Chakufwa anabwera kunyumba akulira, akufuna kukanena pa wayilesi kuti nkhani ija inali yopeka, koma ndani akanalola kuti dzina la munthu wotengedwa limveke pa wayilesi? Anangothetsa sewerolo, Sajeni Mphale n'kupuma pa ntchito, ndipo dziko lonse linadandaula osadziwa chifukwa chake. Malemuwa sanawasungire a Chakufwa mangawa. Ankati mnzawoyo anangolemba sewero. Atachoka ku upolisi anakhala mkulu wa alonda pa esiteti ina ya tiyi ku Thyolo, kenaka wofufuza za ngozi ndi za moto pa kampani ina ya inshuwalansi ku Blantyre, mpaka kupuma mu 2006. Ku mpingo anali mkulu wa mpingo wosakonda kuima kutsogolo. Kumudzi, a Newton, mkulu wawo uja, anatenga mayi Dyna ndi ana awo n'kuwasunga pakhomo pawo. Anawadyetsa, kuwaveka, kuwaphunzitsa onse atatu mpaka kumaliza. Mmodzi ndi namwino, wina mlangizi wa zaulimi, wina mphunzitsi ngati bambo ake. Mudzi wonse unkatama a Newton, ndipo nanenso ndinkawatama.

Mu 1993 mayi awo anamwalira. Uthenga sunatumizidwe, tinangomva kwa anthu a pa basi. Ine ndi amene ndinayendetsa galimoto kupita nawo ku Kanyemba, pamodzi ndi achemwali anga. Titafika panalibe wotilandira. Thumba la ufa limene tinatenga anatibwezera. Tinaima kumbuyo kwenikweni, pansi pa mtengo wa mango, ngati anthu odutsa. Amene anawerenga mbiri ya mayiwo anali a Newton, ndipo atafika pa ana anati malemu asiya ana awiri, Newton ndi Dyna. Ndinafuna kukuwa, koma a Ernest anandigwira pamkono mwamphamvu moti zala zawo zinadinda. Pobwerera, titafika ku Ntcheu, anandifunsa ngati matayala ndinawapopa.

Kuno ku America anabwera mu 2009, ataitanidwa ndi mwana wawo woyamba, Eleanor, amene amagwira ntchito ku banki ina ya mayiko onse ku Washington. Anakhazikika ku Bowie, m'nyumba ya Eleanor ndi amuna ake, a Chewe Kasonde a ku Lusaka. Kuseri kwa nyumbayo analimako mpiru ndi maungu, ndipo nkhondo yawo ndi agwape odya nkhwani inali yosatha. Zidzukulu ankaziyankhula Chichewa, izo n'kumayankha Chingerezi, iwo n'kumapitiriza ngati sanamve. Mu mpingo uno anakana udindo uliwonse kupatula mipando. Nkhani itamveka kuti mkulu wa mipandoyu ndiye Sajeni Mphale weniweni, anthu akuluakulu, a ku ofesi ya kazembe ndi a m'mabungwe omwe, anasanduka ana. Ankabwera kudzawagwira chanza, kujambulitsa nawo, abale a ku Zambia n'kumawakuwira ali patali kuti "Ba Sajeni!" Iwo ankangomwetulira pang'ono n'kutembenukira ku mipando. Tonse tinkati ndi kudzichepetsa, osadziwa kuti dzinalo linkawalasa mtima.

Komabe luso silinawachoke. Ambiri mukukumbukira chaka chija mtsikana wina wa kwathu, amene anabwera kudzagwira ntchito ya m'nyumba, anasowa. Makolo ake kumudzi anali kulira, mabwana ake anali kuopseza. Kuno kulibe chigayo, ndiye a Ernest anapeza china chofanana nacho, malo aja ochapira zovala ndi makina ku Columbia Heights, kumene nakonso anthu amadikira pa mzere n'kumayankhula mokuwa. Anatenga basiketi ya malaya oyera kale n'kumakwera nayo sitima tsiku ndi tsiku. Achemwali anga mpaka lero amadandaula kuti malaya abwinobwino anatha ndi kuchapa. Sabata isanathe anamupeza mtsikanayo akusungidwa ndi mayi wina wachifundo, ali ndi zipsera m'manja. Anaimbira makolo ake kuti mwana ali moyo, anamuperekeza kwa anthu othandiza pa zamalamulo, ndipo mabwana aja atafunsa, a Ernest anati iwo ndi nkhalamba yokonza mipando, sadziwa kanthu.

Malo ano amene taimapa anagula okha zaka khumi zapitazo. Enanu mwakhala mukufunsa chifukwa chake thupi silikupita kumudzi monga timachitira tonse. Ifenso tinawafunsa nthawi imeneyo, ndipo yankho lawo linali lalifupi: "Kwathu sakandikumbira." Ine ndinkawavutitsa kawirikawiri. Ndinkati, alamu, ndinu wofufuza wa mtundu wanji, wopeza mbuzi za eni ake koma wolephera kuyeretsa dzina lanu? Masiku aja anatha kalekale, pitani mukanene kuti simunali inu. Ankangondiyang'ana n'kundifunsa ngati ndadya.

Sanadwale. Lamulungu lija, tili m'kati mwa mapemphero, foni yawo inalandira uthenga wa mawu kuchokera ku nambala ya ku Malawi. Anaumva madzulo atafika kunyumba, foni ili kukhutu, ndipo anangotiuza kuti ndi Dyna. Tsiku limenelo sanaimbe. Lolemba m'mawa anagwa pabalaza. A Chewe anaitana ambulansi, madokotala anayesetsa, koma anati mtsempha waukulu wa pamtima unaphulika. Masana asanakwane anali atapita. Eleanor ndi amene anatsegula foni ya bambo ake n'kumvera uthengawo. Unali waufupi: "Achimwene, ndine Dyna. Alamu a Margaret andiuza zonse. Chonde mundiimbire." Sitinamve tanthauzo lake mpaka Eleanor ataimba nambalayo kuti anene za maliro.

Mayi Margaret ndi mkazi wa malemu Newton. Akudwala kwambiri, ndipo masiku apitawa anaitana mayi Dyna ndi abusa a kumudzi kuti atule zimene anasenza. Ndinena monga mayi Dyna atiuzira. Amene anakanenera a Cedric anali a Newton. Anali wapampando wa chipani m'mudzimo, ndipo anali pa mkangano ndi a Cedric chifukwa cha dimba lija, limene mayi awo anapatsa mayi Dyna. Tsiku lina pa mowa a Cedric ananena mawu odandaula za makhadi a chipani. A Newton anawanyamula mawuwo kupita nawo ku boma, poganiza kuti mphunzitsiyo angomuopseza n'kumusamutsira kutali. Sewero lija litamveka ndipo mudzi utaloza chala a Ernest, a Newton anangokhala chete.

Abale anga, a Ernest ankadziwa. Mlandu umenewu anaufufuza n'kuumaliza mu 1980. Pa chigayo cha pa Linthipe amayi ankatseka pakamwa akawaona, choncho anapalasa njinga mpaka kwawo kwa mayi Margaret, cha ku Lobi, kumene nkhope yawo sinkadziwika. Anakhala pa mzere ndi thumba lawo mpaka anamva amayi akukambirana za mwana wa uje wokwatiwa ku Kanyemba, amene wabwera kudzalira kwa amake kuti mwamuna wake akumabwebweta kutulo, akutchula dzina la mphunzitsi. Atachoka kumeneko anadzera njira ya kumunda n'kuwapeza a Newton akumanga fodya m'chigafa. Mayi Margaret anali kuseri kwa nkhokwe, ndipo anamva zonse. A Ernest anati: "Achimwene, ndikudziwa. Ndikanena, Dyna sadzadyanso chanu, ndipo changa sangalandire. Ntchito andichotsa. Anawa afa ndi njala. Ndiye muwalere ngati anu. Tsiku limene mmodzi wa iwo adzabwezedwe ku sukulu, ndidzayankhula. Dzina loipali ndinyamula ine."

Choncho ana aja analeredwa. Choncho pa maliro a mayi awo, amene anawadumpha pa mbiri anali munthu amene iwo ankamudziwa bwino lomwe, ndipo dzanja limene linandigwira pamkono linali kuteteza iyeyo. Ndikaganiza zimenezi mutu wanga umaima. A Newton anamwalira mu 2011, ana onse atamaliza sukulu kalekale, koma a Ernest sanayankhulebe. Chifukwa chake sanatiuze. Achemwali anga akuganiza kuti n'chifukwa choti anawo ankawatchula a Newton kuti ababa, ndipo malemuwa sanafune kuwalanda bambo kachiwiri. Mwina ndi choncho. Sitikunena izi kuti tichititse manyazi ana a malemu Newton, amene akutimveranso lero. Iwo alibe mlandu, ndipo mayi awo achita chinthu chofuna kulimba mtima. Koma ine monga mlamu ndinena zanga. Alamu, ndakwiya nanu. Munatilola kutama munthu wolakwika pamaso panu, inu mukuvomereza ndi mutu. Munalola achemwali anga kubwezeredwa ufa pa maliro osawauza chifukwa. Munalola mlongo wanu kukalamba akudana ndi munthu amene ankamukonda kuposa onse. Mukanakhala moyo ndikanakuuzani pamaso, ndipo ndikudziwa kuti mukanandifunsa ngati ndadya.

Mayi Dyna, tsopano ndikuyankhula ndi inu. Eleanor atakuimbirani munamufunsa funso limodzi, ndipo iye anangolira. Munafunsa ngati achimwene anu sanaimbe Lamulungu chifukwa anali okwiya. Achemwali anga anena kuti yankho liperekedwe pano anthu onse akumva, poti ndi pagulu pamene munawakana. Ine ndinalipo madzulo amenewo, ndiye ndinena zimene ndinaona. Atamva uthenga wanu anakhala pansi pa masitepe, jekete ili m'manja. Anaumveranso, n'kuumveranso. Nkhope yawo inali ngati ya mwana amene wauzidwa kuti mawa akwera basi koyamba. Eleanor anati, "Dad, just call her." A Chewe anati, "Batata, tumani chabe foni, bazakondwela." Iwo anayang'ana wotchi n'kuwerengera kuti kwanuko anthu agona kale. Anati, "Ayi. Kwathu foni ya usiku ndi ya maliro. Dyna ali ndi vuto la mtima, ikalira adzidzimuka. Ndimuimbira kukacha, ndimuone nkhope." Tinawakakamiza, anakana. Anatuma Eleanor kuti awafunire chithunzi cha zidzukulu zonse choti adzakuonetseni. Anadya bwino, mpaka kuwonjezera, ndipo pa pemphero la chakudya anatchula dzina lanu mokweza, chinthu chimene ana awo anali asanamvepo.

M'mawa anadzuka onse akadali m'tulo. Anameta ndevu, anapukuta nsapato, anasita okha malaya n'kuvala suti. Achemwali anga atawafunsa kumene akupita, anati sangaonekere kwa mlongo wawo atavala juzi ya kumunda. Pamene anagwa n'kuti atakhala kale pampando, a Chewe akuimika foni patebulo kuti nkhope ioneke bwino. Pamene Eleanor amapeza mphamvu zoti akuimbireni tsiku limenelo, kwanuko kunali kutada, ndipo foni imene inakudzutsani ndi yomwe ija iwo ankaopa. Sanakwiye, mayi. Suti imene agona nayo m'bokosimu ndi yomwe anavalira inu m'mawa umenewo. Sitinawasinthe.

Bambo Ernest Goodwell Mtambalika asiya akazi awo, mayi Marjorie, amene akhala nawo m'banja zaka 51. Asiya ana atatu: Eleanor wa ku Bowie, Kondi wa ku Fairfax, ndi Alinane wa ku Lilongwe. Asiya apongozi awo, a Chewe ndi anzawo, ndi zidzukulu zisanu ndi ziwiri. Asiya ana atatu a malemu Cedric Kamwaza, amene anawalera ali patali. Asiya ana a mkulu wawo, malemu Newton, ndi alamu awo mayi Margaret. Asiya ine, mlamu wawo wolongolola. Ndipo asiya mlongo wawo mmodzi, mayi Dyna Kamwaza a ku Kanyemba, amene andipempha kuti ndinene m'malo mwawo kuti anali ndi achimwene, dzina lawo Ernest.

Apumule, ndipo mtendere umene anasungira ena ukhale wawo tsopano.